Ngati mwakana nenani, ophunzira asamasiyidwe m'malere

Mvula ikayamba kukata cha m'Malichi, mpaka chisanu cha Julayi chifike pachimake, pali gulu la anthu muno mu Harare limene tulo silibwera bwino. Awa ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi a PhD amene anatumiza mafomu opempha sikolashipu kapena ndalama zochitira kafukufuku chaka chatha chisanathe, ndipo tsopano akungodikira. Mukawapeza ku Mount Pleasant kapena ku Belvedere, foni ili m'manja, maso ali pa imelo. Magetsi akathima amasunga batire ngati mankhwala, kuopa kuti uthenga ungabwere foni itazima. Akatsika kombi ku Mufakose kapena ku Mabvuku madzulo, mayi awo asanawapatse n'komwe madzi osamba m'manja amayamba afunsa kuti, "Nanga anthu aja ayankha?" Mwana amangoti, "Ayi amayi, sanayankhebe," ndipo mawa lake funso limakhala lomwelo.

Kudikira kotere n'kwakale, koma kunasanduka mkangano weniweni kuyambira pa 20 Januwale 2025, pamene boma la America linalamula kuti thandizo lake lopita kumayiko ena liyambe laima kwa masiku 90, ndipo ntchito zambiri za umoyo ndi kafukufuku kuno kwathu zinaima osadziwa ngati zidzayambanso. Kuchokera apo aphunzitsi, makolo ndi ophunzira akhala akutsutsana. Ena akuti ana a masiku ano ndi odandaula, wopempha thandizo azidikira modzichepetsa. Ena akuti mabungwe opereka ndalama akuseweretsa miyoyo ya anthu. Ine ndili kumbali ya ophunzira, ndipo mfundo yanga ndi iyi: bungwe lililonse loitana anthu kuti apemphe ndalama za maphunziro kapena za kafukufuku liyenera kulengeza tsiku limene lidzayankhe, kusunga tsikulo, ndi kuuza munthu amene wagwa nthawi yomweyo imene wagwa, pamodzi ndi chifukwa chake. Kukana kulibe mlandu, pakuti ndalama n'zochepa ndipo opempha ndi ambiri. Mlandu uli pa kungoti zii.

Tiyambe ndi zimene kuchedwa kumawononga, chifukwa anthu amene sanachitepo kafukufuku amayesa kuti wodikira akungotaya mtima basi. Taganizirani wophunzira za ulimi amene akufuna kuyerekeza mitundu ya chimanga yopirira chilala. Ntchito yake imayamba mvula isanagwe. Ayenera kupeza malo, kulima, kuyeza dothi, kudula timinda ting'onoting'ono ndi zikhomo, mtundu uliwonse wa mbewu n'kuubzala m'timinda titatu kapena tinayi tosiyana kuti zotsatira zikhulupirike. Ayenera kugula mbewu, feteleza wokulitsa wa Compound D wothira pobzala, ndi AN wobereketsa wothira patatha milungu ingapo, kenako kulipira aganyu opalira ndi olondera. Zonsezi ziyenera kukhala zili m'malo pofika pakati pa Novembala. Ndalama zikabwera mu Januwale, mnyamatayu kapena mtsikanayu sanachedwe ndi miyezi iwiri ayi, wachedwa ndi chaka chathunthu, chifukwa chimanga chobzala mochedwa chimapereka ziwerengero zimene sangaziteteze pamaso pa omuyesa. Ndipo poti magazini ambiri a sayansi ya ulimi amafuna zotsatira za nyengo ziwiri, chaka chotayikacho chimakankhira digiri yonse patsogolo. N'chimodzimodzi amene akutchera udzudzu wa malungo ku Manicaland, kapena amene akuyeza madzi a m'zitsime za ku Epworth nthawi ya dzinja: nyengo ikadutsa yadutsa. Akanauzidwa mu Seputembala kuti pempho lake lalephera, bwenzi atachepetsa ntchitoyo, atabwereka kamunda m'mphepete mwa kafukufuku wa mphunzitsi wake, n'kupulumutsa chakacho ndi ndalama zochepa za m'thumba.

Chachiwiri chimene chimawonongeka ndi zikalata, chifukwa pafupifupi chilichonse chili ndi tsiku lake lothera. Zotsatira za mayeso a Chingelezi a IELTS zimagwira ntchito zaka 2. Satifiketi yoyezetsa chifuwa chachikulu, imene munthu wochokera ku Zimbabwe kapena ku Malawi amafunika kukhala nayo popempha viza yokaphunzira ku Britain, imatha pakapita miyezi 6. Ochita kafukufuku wa zaumoyo pa University of Zimbabwe amayamba adutsa ku komiti ya JREC, imene imaona ngati kafukufuku akuteteza anthu okhudzidwa, kenako ku Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo chilolezo chimene amapatsidwa n'cha chaka chimodzi, chikatha amachikonzanso. Munthu amene anathamangira chilolezo kuti pempho lake lioneke lokhwima akhoza kuchiona chikutha asanafunse wodwala ndi mmodzi yemwe. Bajeti nayo imaola. Makotesheni a zipangizo ndi mankhwala a mu labotale, amene ambiri amachokera ku South Africa, amakhala a milungu yowerengeka chabe. Ndalama ya Zimbabwe ya ZiG inayamba mu Epulo 2024, ndipo pofika kumapeto a Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inali itaitsitsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40. Ku Malawi kwacha inatsitsidwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Bajeti yolembedwa lero n'kuvomerezedwa patatha miyezi khumi ikhoza kukhala yosakwananso kugula zimene inalonjeza. Pamwamba pa izi, yunivesite ili ndi malire a zaka zimene munthu angakhale m'kaundula wa madigiri a kafukufuku a MPhil kapena DPhil, ndipo fizi siima poti iwe ukudikira kalata.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zopanda mutu. Yoyamba, imene imamveka kwambiri kwa akuluakulu athu, ndi yakuti popempha sakulitsa chitete. Ndalamazi ndi mphatso, palibe amene anakukakamiza kupempha, tsono ungamuikire bwanji tsiku munthu amene akukuchitira chifundo? Ulemu umene uli m'mawu amenewa ndimaumvetsa, koma chithunzi chake n'cholakwika. Wophunzirayu sanagogode pakhomo la munthu mwadzidzidzi. Bungwelo ndi limene linalengeza kuti bwerani, likufuna anthu anzeru oti agwire ntchito imene ilo laona kuti njofunika. Iye anayankha ndi ntchito ya milungu yambiri: kulemba ndondomeko ya kafukufuku, kulipira kuti yunivesite imupatse zotsatira za mayeso ake zodindidwa, kulipira mayeso a Chingelezi m'madola, kuchonderera aphunzitsi awiri kapena atatu kuti amulembere makalata omuchitira umboni, kugula bandulo kuti akweze mafayilo usiku netiweki ikakhala bwino. Akachedwa ndi mphindi imodzi pa tsiku lotsekera, makina amamukana popanda chisoni. Komanso akapambana amasainira zomumanga. Wopambana sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening, mwachitsanzo, amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera 2 akamaliza. Choncho uwu ndi mgwirizano wa mbali ziwiri, ndipo si chipongwe kunena kuti amene amafuna kuti anzake asunge nthawi nayenso aisunge.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba. Amati kuunika mapempho mwachilungamo kumafuna nthawi. Ounika ndi aphunzitsi otanganidwa amene nthawi zambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo kuwathamangitsa n'kuitana chigamulo chosaganizira bwino. Izi n'zoona, ndipo sindikupempha liwiro. Koma tiyeni tione mmene ntchitoyi imayendera. Tsiku lotsekera likadutsa, ogwira ntchito mu ofesi amayamba aona ngati wopempha ali woyenera ndiponso ngati zikalata zonse zilipo. Otsala amatumizidwa kwa ounika awiri kapena atatu, amene amapereka malikisi ndi ndemanga. Kenako komiti imakumana, n'kusanja mayina kuyambira wapamwamba, n'kusankha oti aitanidwe ku intavyu. Pambuyo pake akuluakulu a bungwe amavomereza mndandandawo malinga ndi ndalama zimene zilipo, ndipo ngati ndalamazo zidzadutsira ku yunivesite, amayambanso kufufuza ngati yunivesiteyo imasunga bwino ndalama. Mukaona bwino, pa sitepe iliyonse pali anthu amene agwa, ndipo mayina awo akudziwika tsiku lomwelo. Amene anagwa pa sitepe yoyamba alibe chifukwa chodikirira kuti akuluakulu akumane miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Kumusunga sikuwonjezera chilungamo chilichonse pa chigamulo cha anzake. Ndipo zoti tsiku lingathe kulengezedwa n'kusungidwa si maloto. European Union, pa ndondomeko yake yopereka ndalama za kafukufuku ya Horizon Europe, inadziikira malire akuti wopempha amve zotsatira pasanathe miyezi 5 kuchokera tsiku lotsekera, ndipo mgwirizano usainidwe pasanathe miyezi 8. A Chevening amasindikiza kalendala yawo poyambirira: mafomu amatsegulidwa mu Ogasiti, ma intavyu amachitika miyezi yoyambirira ya chaka chotsatira, zotsatira zimatuluka mu Juni. Ndi miyezi yambiri ndithu, koma munthu amadziwa poima, ndipo akhoza kuvomera ntchito ya kanthawi kapena kulipira lendi ya miyezi yodziwika.

Sitepe yoyamba ija imatikhudza ife mwapadera, ndipo apa ndikufuna kukhalapo pang'ono. Ambiri a ife olankhula Chichewa mumzinda muno tinabadwira ku Mbare, Highfield, Tafara kapena Dzivarasekwa, kwa makolo ndi agogo amene anachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, amati munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Komabe alipo amene zitupa zawo zakale zikuwatchulabe kuti ndi alendo, ndipo alipo amene ali ndi pasipoti ya Malawi koma moyo wawo wonse uli mu Harare. Pa fomu ya sikolashipu zimenezi zimalemera. Zimbabwe inatuluka mu Commonwealth mu 2003, choncho nzika yake siilowa m'masikolashipu a Commonwealth a ku Britain. Malawi ili momwemo, koma malamulo ake amafunanso kuti munthu akhale wokhazikika m'dziko la Commonwealth, tsono wa pasipoti ya Malawi wokhala ku Mufakose akhoza kugwa pamenepo. Ku sikolashipu ya Rhodes yokaphunzira ku Oxford, Zimbabwe ili ndi malo akeake pamene Malawi imawerengedwa pamodzi ndi South Africa, Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini. Pa mabungwe ena opereka masikolashipu, Beit Trust imathandiza a ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, ndipo Canon Collins imatenga ochokera m'mayiko angapo a chigawo chino, koma bungwe lililonse lili ndi kafunsidwe kake ka unzika ndi kumene munthu akukhala. Funso lotere kalaliki angaliyankhe sabata yoyamba poyang'ana pasipoti ndi adiresi. N'zopweteka kuti mwana wa kwathu adikire theka la chaka akuyesa kuti nzeru zake zikuyesedwa, pamene fomu yake inaikidwa pambali tsiku loyamba chifukwa cha chitupa.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaiona yovuta kwambiri kuiyankha. Amati nthawi zina bungwe lenilenilo silidziwa ngati ndalama zidzabwera. Mu 2021 Britain inachepetsa thandizo lake kumayiko ena kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma chake kufika pa 0.5, ndipo ntchito za kafukufuku zimene zinali zitavomerezedwa kale zinadulidwa pakati. Mu Febuluwale 2025 inalengezanso kuti idzatsikira pa 0.3 pofika 2027. Ngakhale ophunzira a ku America komweko anakhudzidwa: mu Epulo 2025 National Science Foundation, bungwe la boma lothandiza kafukufuku wa sayansi, inalengeza mayina 1,000 okha a opambana thandizo lake la ophunzira ofufuza, pamene chaka cham'mbuyo anali oposa 2,000. Munthu wa mu ofesi amene bajeti yake ili m'manja mwa nduna ya dziko lina sangalonjeze zimene alibe. Ndikuvomereza. Koma kusadziwa za ndalama sikutanthauza kuti palibe chonena. Chigamulo chili pawiri: kodi pempholi n'labwino mokwanira, ndipo kodi ndalama zilipo? Funso loyamba bungwe lingaliyankhe lokha. Likhoza kulemba kuti, pempho lanu ladutsa, muli pa nambala yakuti pa mndandanda, ndalama sizinatsimikizike, tidzakulemberaninso pa tsiku lakuti ngakhale zinthu zitakhala zisanasinthe. Kalata yotere siimanga bungwe pa kanthu kalikonse, koma imapatsa munthu zoti aganizire nazo. Amene ali wachitatu pa mndandanda wa odikirira ndi amene ali wa makumi anayi sayenera kukonza moyo wawo mofanana, ndipo sangadziwe kusiyana kwake ngati onse alandira mawu amodzimodzi oti pempho likuunikidwabe.

Pa nkhani yopereka zifukwa, otsutsa amati mapempho amakhala zikwi, kulembera aliyense n'kosatheka, ndipo ukangopereka chifukwa wayambitsa mikangano yosatha. Kumene opempha ali ochuluka zedi, ndikumva kuti kalata ya munthu payekha ndi yovuta. Koma pa ndalama za kafukufuku ndemangazo zilipo kale, chifukwa ounika anazilemba kuti komiti igwiritse ntchito. Chotsala n'kuchotsa mayina awo n'kutumiza. National Institutes of Health ya ku America, yopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, imachita zimenezi: mapempho ambiri sakambidwa n'komwe pa msonkhano wa komiti, komabe eni ake amalandira ndemanga zolembedwa za amene anawaunika, ndipo ambiri amakonza n'kutumizanso. Ngakhale kumene ndemanga zazitali sizingatheke, malikisi a mbali iliyonse angatumizidwe ndi kompyuta: funso la kafukufuku silinamveke, njira yosonkhanitsira ziwerengero njofooka, chiwerengero cha anthu ofunsidwa sichinafotokozedwe, bajeti siikugwirizana ndi ntchito, kalata ya umboni sinafike. Zolakwa zimene zimagwetsa ophunzira athu nthawi zambiri ndi zomwezi, ndipo zonse n'zokonzeka. Wosauzidwa amabwereza cholakwa chomwecho chaka chamawa, ounika n'kutayanso nthawi yawo pa icho. Choipa kwambiri n'chakuti pamene palibe chifukwa cholembedwa, anthu amadzipezera chawo, ndipo chimene chimayenda msanga m'makombi ndi chakuti zinthuzi zimafuna kudziwana ndi anthu, kapena kuti dzina lachichewa silidutsa. Kaya n'zoona kaya ayi, mphekesera yotere imachititsa ana anzeru kuleka kupempha. Kwa mabungwe a boma a muno nkhaniyi ili ndi lamulo lake: gawo 68 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu woti ntchito za maofesi zichitike mwachangu ndi mwachilungamo, ndiponso woti apatsidwe zifukwa zolembedwa ngati chigamulo chamupweteka. Lamuloli silifika ku mabungwe a kunja, koma limafika pa makomiti a mayunivesite athu a boma amene amagawa ndalama za kafukufuku kapena kusankha mayina oti atumizidwe kunja.

Otsiriza ndi aphunzitsi ena amene amalangiza kuti, tumiza mapempho ambiri, iwala, pitiriza ntchito. Monga langizo kwa wophunzira mmodzi, n'labwino, ndipo aliyense alitsatire: alembe pa pepala limodzi tsiku lothera la chikalata chilichonse, agawe kafukufuku wake kuti pakhale mbali imene ingayambe popanda ndalama zambiri monga kuwerenga zimene ena analemba ndi kuyesa mafunso ake pa anthu ochepa, ndipo tsiku lolonjezedwa likadutsa ndi sabata imodzi alembe kalata yaifupi yaulemu yofunsa, yokhala ndi nambala ya pempho lake. Koma langizoli silichotsa vuto, limangolisuntha. Masiku a mabungwe amawombana. Yunivesite ya ku South Africa ikhoza kufuna yankho ndi dipoziti bungwe lolipira lisanayankhe. Abwana kuntchito amafuna notisi ya mwezi kapena miyezi itatu. Mabungwe ambiri saloleza kulandira thandizo lathunthu kawiri. Zotsatira zake n'zakuti wopambana pawiri amagwira malo onse awiri podikira lachitatu limene lili chete, ndipo amene ali pa mndandanda wa odikirira kumalo awiriwo amadikira nawo. Bungwe limodzi losayankha limachedwetsa anthu amene sanapemphe n'komwe kwa ilo. Amene amapirira mpikisano woterewu ndi amene kwawo kuli ndalama zomusunga miyezi isanu ndi umodzi osagwira ntchito, osati mwana wa mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika, ngakhale pempho lake litakhala lopambana onse.

Pali zimene tingayambe muno osadikira kuti a kunja asinthe. Maofesi oona za kafukufuku ndi za ophunzira a digiri zapamwamba m'mayunivesite a mu Harare amadziwa mabungwe amene ophunzira awo amapemphako. Angathe kumalemba, chaka ndi chaka, tsiku limene bungwe linalonjeza kuyankha, tsiku limene linayankhadi, tsiku limene ndalama zinafika mu akaunti, ndi ngati linapereka ndemanga, n'kuika zimenezi poyera kuti wobwera pambuyo asankhe akudziwa. Pamene yunivesite ikusaina mgwirizano ndi bungwe lakunja, monga zinachitikira ndi ntchito ya AMARI yophunzitsa ofufuza za matenda a maganizo imene inalumikiza Zimbabwe, Malawi, Ethiopia ndi South Africa motsogozedwa ndi University of Zimbabwe, masiku oyankhira ophunzira angalembedwe m'mgwirizanomo ngati mmene amalembera masiku operekera malipoti a ndalama. Ndipo wophunzira amene ali ndi kalata yosonyeza kuti pempho lake ladutsa koma ndalama zachedwa aloledwe kuimitsa kaundula wake popanda fizi mpaka zitafika, kapena abwerekedwe ndalama zochepa zogulira mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, zodzabwezedwa thandizolo likalowa.